Pamene yunivesite inati "bwererani kwanu": ophunzira a Navajo ndi sukulu ya pa intaneti

M'mwezi wa Malichi 2020 mayunivesite a ku United States anatseka zipata chifukwa cha Covid-19, ndipo uthenga umene ophunzira analandira unali umodzimodzi kulikonse: longedzani katundu, bwererani kwanu, maphunziro apitirira pa intaneti. Olemba uthengawo anali nacho chithunzi cha kwawo kwa wophunzira: nyumba ya magetsi osathima, madzi a pampopi, chipinda cha chitseko chotseka, ndi intaneti yolipiriratu mwezi wonse. Kwa ophunzira ambiri a mitundu ya eni nthaka, ija azungu anaipeza itakhazikika kale m'dzikomo, kwawo sikunali kotero. Vutoli linaonekera poyera kwambiri pakati pa mtundu wa Navajo, umene eni ake amadzitcha Diné, ndipo nkhani yawo ikuonetsa kuti kusowa kwa netiweki kunali kachigawo chabe ka mlanduwu.

Dziko la Navajo linatambalala m'zigawo zitatu za Arizona, New Mexico ndi Utah. Ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 71,000, kuposa theka la Malawi, koma okhalamo ndi anthu pafupifupi 170,000 okha. Ali ndi pulezidenti wawo, nyumba ya malamulo ku Window Rock, apolisi ndi makhoti awo. Mabanja amakhala motalikirana, khomo lina kuno, lina kuseri kwa phiri, chifukwa m'dziko louma nkhosa zimafuna busa lalikulu. Mliri usanafike, nyumba pafupifupi 15,000 mwa nyumba 55,000 zinalibe magetsi, ndipo pafupifupi nyumba 3 mwa 10 zilizonse zinalibe madzi a pampopi. Masitolo akuluakulu a zakudya analipo 13 m'dziko lonselo. Wodwala woyamba anapezeka pa 17 Malichi, ndipo pofika pakati pa Meyi, tikayerekeza ndi chiwerengero cha anthu, matendawa anali atafala ku Navajo kuposa ku New York, kumene nyuzipepala zinkati ndi kuchimake kwa mliri. Uku n'kumene wophunzira wa ku Northern Arizona University ku Flagstaff, kapena wa ku University of New Mexico ku Albuquerque, anabwerera ndi laputopu yake.

Kafukufuku amene American Indian Policy Institute ya ku Arizona State University inatulutsa mu 2019 anapeza kuti anthu 18 mwa 100 alionse okhala m'madera a eni nthaka analibe intaneti ya mtundu uliwonse kunyumba, ndipo 33 mwa 100 ankadalira ya pafoni basi. Mapu a boma ankaonetsa ngati zinthu ziliko bwino, mpaka mu 2018 pamene ofesi yolondola kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, GAO, inaulula cholakwa cha m'mawerengedwewo. Bungwe loyang'anira za mauthenga, FCC, linkati dera lonse la kalembera ndi lolumikizidwa ngakhale kampani itangofikira khomo limodzi m'deralo. M'tauni kuwerenga kotere sikulakwa kwambiri. Kuchipululu, kumene dera limodzi lingatambalale makilomita ambirimbiri, cholakwacho n'chachikulu, ndipo ndalama za chitukuko zimatsata mapu.

Tsono wophunzira ankakwera galimoto kukasaka netiweki. Dziko la Navajo linagawidwa m'madera 110, lililonse ndi nyumba yake ya misonkhano, ndipo panja pa zina mwa nyumbazi, pa masukulu ndi pa makoleji anaikapo Wi-Fi yaulere. Kalasi inali mpando wa dalaivala. Laputopu yatsamira chiwongolero, buku lili pampando winawo, injini ili chilirire kuti batire isathe, mafuta akupita. Nkhope ya aphunzitsi ikaima ndipo mawu akayamba kudukaduka, wophunzira ankazimitsa kamera kuti mawu okha adutse. M'makalasi amene lamulo linali lakuti kamera ikhale yoyatsa, kutero kunkaoneka ngati kujomba.

Ngakhale njira imeneyi inali ndi maola ake. Boma la Pulezidenti Jonathan Nez linaletsa kuyenda kuyambira 8 koloko madzulo mpaka 5 koloko m'mawa, ndipo kuyambira mu Epulo linawonjezera m'bindikiro wa maola 57 kumapeto kwa sabata, kuchokera Lachisanu usiku mpaka Lolemba m'bandakucha. Wogwidwa pamsewu popanda chifukwa akanatha kulipira mpaka madola 1,000 kapena kukhala m'ndende masiku 30. Ine ndimaona kuti lamuloli linali loyenera, poganizira mmene anthu ankafera. Koma aphunzitsi ambiri a ku America amakonda kuti ntchito ya sabata iperekedwe isanakwane 11:59 usiku wa Lamlungu, nthawi imene misewu ya ku Navajo inali yotseka. Amene intaneti yake inali pamalo oimika magalimoto anayenera kumaliza zonse pofika Lachisanu madzulo, pamene mnzake wa ku Phoenix anali ndi masiku ena awiri. Palibe anakhala pansi kukonza tsankho limeneli. Kompyuta inkangolemba kuti wachedwa. Panalinso kampungwepungwe ka wotchi: kuyambira Malichi mpaka Novembala, a Navajo amasunthira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi pamene chigawo cha Arizona sichisuntha, motero kalasi ya 9 koloko ku Flagstaff inali ya 10 koloko kunyumba.

Pali chizolowezi chonena kuti malowa alibe magetsi ndi intaneti chifukwa ndi akutali ndipo anthu ake ndi ochepa. Mtunda uli nayo mbali yake: kampani ya mtunduwo ya magetsi ndi madzi, NTUA, inkati kukokera magetsi kukhomo limodzi kunkadya madola pafupifupi 40,000. Koma kufotokoza kumeneku kumabisa zambiri. Kuyambira mu 1974 mpaka Novembala 2019, pafupi ndi tauni ya Page, pa nthaka ya Navajo, panali malo aakulu opangira magetsi ndi malasha, Navajo Generating Station, ndipo malashawo ankakumbidwa ku Black Mesa. Magetsi ake ankapopa madzi a mumtsinje wa Colorado kupita ku Phoenix ndi Tucson, ena ankayatsa Los Angeles ndi Las Vegas. Nthambo zake zinkadutsa pamwamba pa makomo oyatsa nyali za palafini.

Kumadzulo kwa dzikolo kunali choletsa china. Mu 1966, chifukwa cha mkangano wa malire pakati pa a Navajo ndi a Hopi, mkulu woona za eni nthaka m'boma, Robert Bennett, analamula kuti pa malo okwana maekala pafupifupi 1.5 miliyoni pasachitike chitukuko chilichonse popanda chilolezo cha mitundu yonse iwiri. Kukoka magetsi, kuyala mapaipi, ngakhale kukonza denga lodontha, zonse zinaima. Lamulolo linafafanizidwa mu 2009, patatha zaka 43. Wophunzira wa zaka 20 wochokera kumeneko, amene mu 2020 ankauzidwa kuti alowe pa Zoom, anabadwira m'nyumba imene makolo ake sankaloledwa kuikulitsa.

Ndiye pali nkhani ya umwini wa malo. Nthaka yambiri ya eni nthaka boma la ku Washington limati likuwasungira. Chotsatira chake n'chakuti banja silingaike malo ngati chikole kubanki, ndipo kampani yofuna kuimika nsanja ya netiweki kapena kukumba ngalande ya nthambo iyenera kupeza chilolezo ku boma la mtunduwo, kwa mabanja odyetsa ziweto pamalopo, ndi ku ofesi ya boma la ku Washington yoona za eni nthaka, Bureau of Indian Affairs, ulendo umene ungathe zaka. Ngakhale mafunde a mumlengalenga amene netiweki imadzera ali m'manja mwa FCC, imene imawagulitsa kwa makampani. Mwayi woyamba woti mitundu ya kumidzi ipemphe gawo la mafundewo kwaulere unatsegulidwa mu Febuluwale 2020 n'kutsekedwa mu Sepitembala, miyezi imene maofesi a mitunduyo anali otseka ndipo atsogoleri anali kalikiliki ndi odwala ndi maliro.

Sukulu nayo ili ndi mbiri yake kumeneko. Mu 1864 asilikali a boma anakusa a Navajo n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Bosque Redondo, ndipo pangano la mu 1868 limene linawalola kubwerera kwawo linalonjeza nyumba ya sukulu ndi mphunzitsi pa ana 30 alionse. Chimene chinadza ndi masukulu ogonera konko, kumene ana ankametedwa tsitsi, kupatsidwa maina achilendo ndi kulangidwa akayankhula chinenero chawo. Lipoti la boma la ku Washington linawerenga mu 2022 masukulu otere 408 m'dziko lonse pakati pa 1819 ndi 1969. Poyankha mbiri imeneyi, a Navajo anatsegula koleji yawoyawo mu 1968, yoyamba kuyendetsedwa ndi mtundu wa eni nthaka, imene lero ndi Diné College ku Tsaile. Mitundu ina inatsatira, ndipo makoleji otere tsopano alipo oposa 30. Ambiri mwa ophunzira ake ndi oyamba m'banja mwawo kufika pakoleji, ambiri ndi amayi a ana. Kunyumba kulibe mkulu amene anadutsamo woti n'kuwauza kuti munthu angathe kulembera mphunzitsi kupempha masiku owonjezera.

Apa ndi pamene ndikuona kuti akuluakulu a mayunivesite anaphonya kwambiri. Iwo ankaganiza kuti akusamutsa kalasi basi, koma kwa wophunzira wosauka sukulu inali zambiri. Hositelo inali bedi lakelake ndi bafa la madzi otentha. Kafiteriya inali chakudya chodalirika. Laibulale inali magetsi, makina osindikizira ndi bata. Ntchito ya maola ochepa pasukulupo inali ndalama ya mafuta ndi sopo. Kafukufuku amene anachitika m'makoleji a eni nthaka mliri usanayambe anapeza kuti ophunzira oposa theka ankasowa chakudya chokwanira. Zipata zitatsekedwa, zonsezi zinatsekeredwa m'kati, ndipo chimene chinatumizidwa kunyumba ndi maphunziro okha. Ngakhale sukulu itafuna kutumiza laputopu kapena kachipangizo ka Wi-Fi, makomo ambiri alibe nambala kapena dzina la msewu. Katundu amafikira ku bokosi la ku positi ofesi, mtunda wautali pa msewu wafumbi.

Kunyumbako wophunzira sanafike ngati mlendo woti apatsidwe tebulo. Anafika ngati munthu wamphamvu amene banja linkamusowa. Madzi amatungidwa ndi galimoto: migolo kumbuyo kwa pikapu, ulendo wopita kumalo otungira, mzere, ulendo wobwerera, ndipo m'madera ena zitsime zapafupi zinaipitsidwa ndi migodi ya yuraniyamu yoposa 500 imene makampani anaisiya osakwirira. Pali nkhuni zoti ziwazidwe, nkhosa zoti zimwetsedwe, ndi zogula za agogo amene sayenera kulowa m'sitolo. Ang'ono ake a ku pulayimale ndi ku sekondale nawo akuphunzirira pa intaneti, ndipo laputopu ya m'nyumbamo ndi imodzi, yakeyo. Nyumba zambiri zimasunga mibadwo itatu, ndipo nyumba ya makolo, hogan, ndi chipinda chimodzi chozungulira. Mmodzi akadwala, palibe komupatulira.

Ndipo ankadwaladi. Mu Ogasiti 2020 bungwe la boma loona za matenda, CDC, linanena kuti m'zigawo 23 eni nthaka ankapezeka ndi matendawa kuwirikiza 3.5 poyerekeza ndi azungu. Zaka zimene mwini nthaka amayembekezeka kukhala ndi moyo zinatsika kuchoka pa 71.8 mu 2019 kufika pa 65.2 mu 2021. A Navajo amatsata mfunda wa kuchikazi, ndipo kwa iwo, monga kwa Achewa, mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, mwana wake ndi m'bale wako. Malamulo a mayunivesite ambiri opereka masiku a maliro amawerenga bambo, mayi, mbale wa bere limodzi, mwina agogo. Wophunzira wotaya anthu angapo a mfunda wake m'teremu imodzi ankayenera kufotokozera mphunzitsi amene sanamuonepo maso ndi maso chifukwa chake imfa iliyonse ili yake. Zimenezi n'zovuta kwambiri kwa amene analeredwa m'mwambo wosatchulatchula za imfa kapena dzina la womwalira. Ambiri ankangokhala chete, ndipo malikisi ankatsika popanda wodziwa chifukwa.

Mayeso anabweretsa chipongwe chawochawo. Mayunivesite ambiri anagula mapulogalamu olondera mayeso monga Proctorio ndi Respondus, amene amayang'ana wophunzira kudzera pa kamera. Amafuna intaneti yosaduka, chipinda chowala bwino, ndi kuti m'chipindamo musakhale munthu wina. Pulogalamuyo ikamva mawu, ikaona nkhope yachiwiri, kapena wophunzira akayang'ana kumbali kawirikawiri, imaika chizindikiro chakuti mwina akubera. M'nyumba ya chipinda chimodzi agogo akadutsa kumbuyo kukasonkhezera moto, chizindikiro. Netiweki ikaduka mphindi ziwiri, chizindikiro, mwinanso mayeso atsekeka. Ena ankauzidwa kuti azungulitse kamera kuti mlonda aone chipinda chonse, ndiye kuti kuonetsa mlendo mkati mwa nyumba ya makolo ako. Sindikuona chimene mapulogalamuwa ankayeza koposa kukula kwa nyumba.

Vuto lina ndi lakuya kuposa nthambo, ndipo likanakhalapo ngakhale khomo lililonse likanakhala ndi intaneti yothamanga. Maphunziro ena a pa makoleji a eni nthaka ali ndi nyengo yake ndi malo ake. Pakati pa a Navajo pali nthano zimene zimakambidwa m'nyengo yozizira yokha, chisanu chikagwa, ndipo mabingu oyamba akagunda zimasungidwa mpaka chaka china. Kalasi ya pa Zoom imajambulidwa kuti amene netiweki inamuvuta adzaonere pambuyo pake, chimene chili chifundo. Koma chojambulidwacho chingaonedwe mu Julaye, ndi aliyense amene wapatsidwa, ndipo chimasungidwa pa makompyuta a kampani ya ku California. Mphunzitsi wa chikhalidwe anayenera kusankha pakati pa kujambula, n'kuswa mwambo, ndi kusajambula, n'kusiya kunja wophunzira wa m'galimoto uja. Kayankhulidwe nako n'kosiyana. Ambiri oleredwa m'mwambo amayamba adikira kanthawi asanayankhe, ndipo sapenyetsetsa wamkulu m'maso. M'kalasi yeniyeni mphunzitsi wozindikira amaona kuti munthuyo akuganiza. Pa kompyuta chete amaoneka ngati netiweki yaima kapena wophunzira wachokapo, ndipo wina walowerera kale.

Chinenero chimaphunziridwa kwa akuluakulu, ndipo akuluakuluwo ndi amene mliri unkatenga. N'chifukwa chake katemera atafika mu Disembala 2020, mtundu wa Cherokee ku Oklahoma unaika odziwa bwino chinenero chawo m'gulu la oyambirira kubayidwa. Wophunzira amene kafukufuku wake anali kukhala pansi ndi agogo kumvera mbiri ya dera lawo sakanatha kuwayendera, ndipo agogo ambiri analibe foni yogwira netiweki. Za maphunziro a manja sitichita kunena. Ku Navajo Technical University ku Crownpoint amaphunzitsa kuwotcherera zitsulo, kuphika ndi kusamalira ziweto zodwala, ndipo palibe amene anaphunzira kubaya nkhosa jekeseni poonera kanema.

Zotsatira zake zinaoneka m'kaundula. M'teremu yoyamba ya chaka cha maphunziro cha 2020, chiwerengero cha eni nthaka olembetsa m'makoleji a ku United States chinatsika ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse, kuposa cha azungu, cha anthu akuda kapena cha ochokera ku Latin America. Ku Canada vuto la intaneti kwa eni nthaka linali lofanana: mkulu wolondola chuma cha boma anapeza kuti mu 2021 makomo 42.9 okha mwa 100 a m'madera a eni nthaka otchedwa First Nations ndiwo akanatha kupeza intaneti ya liwiro limene boma linakhazikitsa, pamene m'dziko lonse anali 90.9. Midzi yonse 25 ya ku Nunavut, kumpoto kwa dzikolo, inkadalira setilaiti.

Komabe kungakhale kunama kunena kuti intaneti inangowononga. Tohono O'odham Community College, koleji yaing'ono ya kumwera kwa Arizona, inasamutsira maphunziro ake pa intaneti mu 2020 n'kuchotsa fizi kwa wophunzira aliyense wa mtundu wa eni nthaka. Olembetsa anachuluka kwambiri, ochokera ku mitundu yambiri ndi zigawo zakutali, ambiri a iwo amayi ndi anthu apantchito amene sakanatha kusiya ana kapena makolo okalamba kukakhala ku hositelo. Eni nthaka ambiri a ku America amakhala m'matauni, ndipo kwa ena iyi inali nthawi yoyamba kuphunzitsidwa ndi anthu a kwawo. Makoleji a mitunduyi anachitanso zinthu zing'onozing'ono zimene mayunivesite akuluakulu anachedwa nazo: kubwereketsa malaputopu, kusindikiza maphunziro papepala kuti wophunzira adzatenge kapena atumiziridwe, kulola ntchito kuperekedwa mochedwa, kuimbira foni amene wasowa. Aphunzitsi ake ankadziwa kuti Lachisanu madzulo misewu itsekedwa, chifukwa nawonso ankakhala komweko.

Ndalama zinabwera, koma m'njira imene inavumbulanso vuto lakale. Lamulo la CARES la mu Malichi 2020 linapatula madola 8 biliyoni a maboma a eni nthaka, ndipo a Navajo analandira pafupifupi 714 miliyoni. Zinachedwa kufika chifukwa cha milandu ya kukhoti yokhudza oyenera kulandira, ndipo lamulo linkati zikhale zitagwiritsidwa ntchito pofika pa 30 Disembala chaka chomwecho. Nthambo za magetsi ndi mapaipi zimene zinalephereka kwa zaka 50 sizikanatheka m'miyezi yochepa, pa nthaka yofuna zilolezo zitatu. NTUA inakwanitsa kulumikiza nyumba zoposa 700, ndipo ndalama zambiri zotsala zinagawidwa kwa anthu ngati thandizo la m'manja. Pambuyo pake nyumba ya malamulo ya ku Washington inapereka madola 1 biliyoni mu Disembala 2020 ndi ena 2 biliyoni mu Novembala 2021 omangira intaneti m'madera a eni nthaka, ntchito imene ikutenga zaka.

Nthambo ikafika pakhomo, bilu ya mwezi ndi mwezi imatsalabe. Kuyambira mu 2021 boma linkathandiza mabanja osauka kulipira intaneti, ndipo m'madera a eni nthaka thandizolo linkafika madola 75 pamwezi. Ndalama za ndondomekoyo, Affordable Connectivity Program, zitatha, nyumba ya malamulo sinawonjezere zina, ndipo inatsekedwa mu Juni 2024, pamene makoleji ambiri anali atasankha kale kuti gawo la maphunziro awo likhalabe la pa intaneti.